Asilikali m'Misewu Sadzatigwirira Mbava: Phunziro la ku Thyolo kwa Wovota

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Chipoka, Senga Bay ndi Nkhotakota, nyengo ya misonkhano yokopa anthu ikafika, nkhani ya chitetezo imakhala pakamwa pa aliyense wofuna mpando. Zimenezi n'zosadabwitsa. Ana athu ambiri ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mtandire ndi ku Chinsapo, kumene achifwamba a zikwanje amathyola makomo pakati pa usiku, ndipo anyamata a kabaza amakhapidwa chifukwa cha njinga yamoto imene ngongole yake sadamalize n'kubweza komwe. Munthu amene waika m'manda m'bale wake wophedwa motere safuna kumva nthano. Iye amafuna kuti boma lichitepo kanthu lero lomwe, ndipo mawu amene amatuluka msanga m'kamwa mwake ndi akuti boma litumize asilikali.

Wofuna voti amadziwa kuti mawu amenewa amaombetsa m'manja. Ife tikuti musapereke voti yanu chifukwa cha lonjezo limeneli. Gulu la mfuti lochokera kulikulu limatha kutontholetsa dera kwa masabata angapo, koma silifufuza mlandu, siliyankha kwa eni dera, ndipo kawirikawiri limatembenukira anthu omwe lidabwera kudzawateteza. Dziko lino lidaziona kale zimenezi, ndipo umboni woyamba uli m'minda ya tiyi ya ku Thyolo.

Mkangano womwewu uli mkati ngakhale kumayiko olemera. Pa 11 Ogasiti 2025, Pulezidenti Donald Trump wa ku America adatenga kwa kanthawi ulamuliro wa polisi ya mzinda wa Washington ndi kutumiza asilikali a National Guard m'misewu, ponena kuti umbanda wanyanya, ngakhale akuluakulu a mzindawo adatsutsa kuti milandu ya chiwawa idali itayamba kale kutsika. Kumeneko mzinda uliwonse uli ndi polisi yakeyake, choncho boma lalikulu likalowerera pamakhala meya, bwanamkubwa ndi makhoti olifunsa chifukwa. Kwathu kuno polisi ndi imodzi, likulu lake lili ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo mkulu wake amasankhidwa ndi Pulezidenti, Nyumba ya Malamulo n'kuvomereza. Pulezidenti yemweyo ndiye mkulu wa asilikali onse. Ndodo zonse ziwiri zili m'dzanja limodzi, ndipo dzanja limenelo ndi limene mumalisankha pa tsiku la chisankho.

Zimene zidachitika ku Thyolo

M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston adapereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a kumapiri a Shire ndi a azungu. Anthu amene adapezeka pamalopo, pamodzi ndi Alomwe amene adali kulowa kuchokera ku Mozambique, adasanduka alendo pa nthaka yomwe ankalima, ndipo ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo pa ntchito ya thangata. Mkwiyo udakhala ukufuka pansipansi kwa zaka zambiri.

Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, amuna awiri adagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera idafala m'midzi yakuti amunawo aphedwa. Khamu la anthu lidasonkhana, ndipo m'masabata otsatira misewu idatsekedwa ndi mitengo, mawaya a lamya adadulidwa, chipolowe n'kufalikira kumaboma ena a m'chigawo cha kummwera. Chaka chimenecho n'chomwe Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa anthu akuchikana. Boma la atsamunda lidaitanitsa thandizo la apolisi kuchokera kumayiko oyandikana nafe. Pomwe bata limabwerera, anthu akuda 11 adali ataphedwa.

Phunziro limene boma lidatolapo lidali lakuti likusowa gulu lomenya. Mu 1954 lidakhazikitsa Police Mobile Force, amene mpaka lero timangowatchula kuti a PMF, ndipo ambiri mwa oyamba kulembedwa adali anthu amene adakhalapo ku usilikali. Patangopita zaka zisanu, pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo asilikali a Chitaganya adatumizidwa kuchokera ku Southern Rhodesia. Tsiku lomwelo, padoko la Nkhata Bay, panyanja yathu yomweyi, asilikaliwo adawombera anthu amene adasonkhana pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Komiti yofufuza ya woweruza Patrick Devlin idawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo, ndi 51 m'dziko lonse, ndipo idanena poyera kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Tsono tifunse: mfuti zonsezi zidathetsa vuto la ku Thyolo? Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, opanikizana m'mitunda ndi m'zigwa pakati pa minda ya tiyi ndi ya makademiya. Mu 2016, zaka 63 chichitikire za ku Mangunda, gulu la People's Land Organisation lotsogozedwa ndi Vincent Wandale lidafuna kugawana malo a esiteti ya Conforzi, apolisi n'kubweranso kudzamanga anthu. Mu 2017 mphekesera ina, ya anamapopa, idayaka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi makamu a anzawo. Kumene anthu alibe pokadandaula pomwe amapakhulupirira, mphekesera ndiyo imakhala woweruza, ndipo galimoto za apolisi zimafika maliro atachitika kale.

Inu a ku Mangochi ndi Machinga nkhaniyi simukuimvera patali. Pakati pa 2004 ndi 2011, ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, idapezera minda mabanja oposa 15,000, ndipo ena mwa iwo adachokera ku Thyolo ndi Mulanje n'kudzakhala anansi anu. Ntchitoyo idali ndi zofooka zake, komabe idakhudza muzu wa mkangano, umene mfuti za mu 1953 zidausiya uli chikhalire.

Palinso nkhanza ina ya m'minda ya tiyi imene msilikali woima pachipata sakadaiona. Amayi 36 adasumira ku London kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, ponena kuti adagwiriridwa kapena kuzunzidwa ndi amuna owayang'anira pantchito. Mu Febuluwale 2021 kampaniyo idavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni, ngakhale sidavomere mlandu. Chimene chidawathandiza amayiwa ndi kulimba mtima kwawo pochitira umboni, maloya amene adaulemba umboniwo, ndi khoti limene kampani idaliopa. N'zochititsa manyazi kuti khoti limenelo lidali kutsidya kwa nyanja zamchere. Wofuna mpando amene akulankhula za chitetezo atiuze chimene adzachite kuti mayi wothyola tiyi apeze chilungamo pa khoti la majisitireti la pa Thyolo pomwepo.

Ntchito imene msilikali sadaiphunzire

Msilikali amaphunzitsidwa kugonjetsa mdani ndi kulanda malo. Kugwira wakupha munthu ndi luso lina. Pamafunika wapolisi wofufuza amene afike msanga pamalo a ngozi anthu asadapondeponde, atole zidindo za zala, atengere mtembo kwa dokotala woupima, alembe mawu a mboni ndi kuiteteza mboniyo, atsegule doketi imene siisowa m'kabati, ndi kukaonetsa woganiziridwayo kukhoti pasadathe maola 48 monga likunenera gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino. Pakasowa chimodzi mwa izi, wakuphayo amatuluka, ndipo amabwerera m'mudzi akudziwa amene adamuneneza.

Kumbukirani MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene adasowa mu Malichi 2018 n'kupezeka ataphedwa. Palibe gulu la nkhondo limene lidaulula chiwembu chimenecho. Idali ntchito ya ofufuza, mboni ndi oimira boma pamilandu, ndipo mu Epulo 2022 Khoti Lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, mmodzi wa iwo wapolisi. Asanu adalamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse. Chigamulocho chidatenga zaka zinayi, ndipo apa ndi pamene pali bala lenileni. Mlandu ukamachedwa chotere, mboni zimamwalira, zina zimagulidwa, achibale amataya mtima, ndipo anthu amayamba kuona ngati tayala ndi petulo ndiwo khoti lachangu.

Wobwera kuchokera kutali sadziwa dera. Sadziwa Chiyao kapena Chilomwe, sasiyanitsa mlovi amene akutsikira kugombe usiku kukatcha usipa ndi mbava imene ikuthawa, ndiponso sazindikira kuti mkulu woyenda mumdima wa m'bandakucha akupita kumzikiti. Kwa iye mnyamata aliyense wa m'dera lotchuka ndi umbanda ndi woganiziridwa. Akamenya osalakwa khumi pofuna wolakwa mmodzi, mabanja khumi amatseka pakamwa, ndipo wofufuza wobwera pambuyo sapezanso womuuza kanthu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Ndalama za alawansi zikatha, malole amabwerera kukampu, achifwamba amene adangosamukira kutsidya kwa mtsinje n'kubwerera pamalo awo.

Abale athu amene ali ku Joni adaziona ndi maso. Mu Julayi 2019 boma la South Africa lidatumiza asilikali oposa 1,000 ku Cape Flats, mumzinda wa Cape Town, kukalimbana ndi magulu a zigawenga. Adakhalako mpaka Malichi 2020, koma kuphana sikudatsike mokhalitsa, ndipo maderawo akadali m'gulu la oopsa kwambiri m'dzikolo. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya ziletso za Covid-19, Collins Khosa adamwalira ku Alexandra mu Johannesburg atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pake penipeni. Ku Brazil, boma lalikulu lidapereka chitetezo cha Rio de Janeiro m'manja mwa kazembe wa nkhondo mu 2018, ndipo chaka chimenecho anthu ophedwa ndi apolisi m'chigawocho adaposa 1,500. Mayiko amenewa ali ndi ndalama ndi zida zoposa zathu kutalitali.

Ndodo imamvera woigwira

Choopsa chachikulu ndi chakuti gulu lotumizidwa kuchokera kulikulu limamvera wolituma. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011, anthu 20 adaphedwa pa zionetsero, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, ndipo komiti yofufuza idapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Pa 8 Okutobala 2019, wapolisi Usumani Imedi adaphedwa mwankhanza ndi khamu la anthu ku Msundwe. Imfa imeneyo idali mlandu waukulu wofuna kufufuzidwa mpaka opha apezeke. M'malo mwake, apolisi adakhamukira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti amayi ndi atsikana adagwiriridwa. Mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi, chimene chidachokera ku misonkho yanu ndi yathu. Pa 26 Juni 2025, ku Lilongwe, amuna a zikwanje adakhapa Sylvester Namiwa pa zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo.

Zitatuzi zidachitika pansi pa atsogoleri atatu osiyana, choncho pasapezeke wonena kuti tikuloza chala chipani chimodzi. Tsiku la 26 Juni mfuti zidalipo zokwanira. Chimene chidasowa ndi lamulo lakuti wa chikwanje agwidwe posayang'ana amene wamutuma. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mtsogoleri amene amaweta anyamata a zikwanje m'chipani chake sangathetse zikwanje za ku Ndirande, ngakhale atatulutsa asilikali onse a ku Kamuzu Barracks ndi ku Cobbe Barracks tsiku limodzi.

Ena adzati tikunyoza asilikali athu. Ayi ndithu. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, asilikali adalanda zida Apayoniya ndi kutsegula njira ya chisankho cha mu 1994. Mu 2019 ndi 2020 adaperekeza ochita zionetsero pamene anthu adali atataya chikhulupiriro mwa apolisi. Mu Malichi 2023 adapulumutsa anthu ndi kufukula matupi m'matope a namondwe wa Freddy. Gawo 160 la Malamulo Aakulu limawalola kuthandiza akuluakulu a boma pa ntchito zawo, ndipo pali masiku amene thandizo lotere limafunikadi. Koma kumbukirani kuti mu Malichi 2020 mkulu wa asilikali, Vincent Nundwe, adachotsedwa paudindo ndi kalata imodzi. Khalidwe labwino la gulu lankhondo limadalira amene ali pamwamba, ndipo ameneyo angasinthidwe usiku umodzi. Ulemu umene asilikali ali nawo ukuchokeranso pa kusaonekaoneka kwawo. Mukawaika pa zipata za pamsewu tsiku ndi tsiku, kumene madalaivala a minibasi adazolowera kupinda ndalama m'chiphaso, mudzawononga chinthu chimodzi chimene Amalawi akadachikhulupirira, umbanda uli pomwepo.

Mafunso ofunsa wofuna voti

Safunsa adadya phula. Wofuna mpando akafika m'dera lanu ndi kuyamba za chitetezo, musamusiye achoke asadayankhe mafunso awa.

Loyamba, kwa wofuna upulezidenti: kodi mudzatumiza asilikali m'mizinda pa zifukwa ziti, kwa masiku angati, ndipo adzayankha kwa yani akapha kapena kuvulaza munthu wosalakwa? Woyankha kuti adzakhala mpaka mbava zithe ndiye kuti sadaganizepo za tsiku lowabweza.

Lachiwiri, kwa yemweyo: kodi mudzalola kuti anyamata a chipani chanu amangidwe akagwira chikwanje? Gawo 158 la Malamulo Aakulu limafuna kuti apolisi asatumikire chipani. Atchule chimene adachita pamene otsatira ake adamenya anthu, popeza zipani zikuluzikulu zonse zidakhalapo ndi anyamata otere.

Lachitatu, kwa wofuna uphungu: kodi mudzamenyera ndalama zingati za ofufuza milandu, za mafuta a galimoto za pa polisi za kumidzi, ndi za makhoti a majisitireti? Tonse tikudziwa mabanja amene adauzidwa kuti agule okha mafuta kuti apolisi abwere kudzaona mtembo. Ndalama zodyetsa ndi kulipira gulu la asilikali kwa miyezi ingapo zimachokera m'thumba lomwelo limene likadagula mafutawo.

Lachinayi, kwa phungu yemweyo: kodi mukulidziwa bungwe la Independent Complaints Commission, lolandira madandaulo okhudza apolisi? Lamulo la apolisi la mu 2010 ndilo lidalikhazikitsa, koma padatha zaka khumi lisadayambe ntchito. Kodi msodzi wa ku Makanjira womenyedwa ndi wapolisi angalifikire bwanji? Phungu amene sadalimvepo dzina lake sangalipezere ndalama.

Lachisanu, kwa wofuna ukhansala: kodi komiti ya chitetezo cha m'mudzi ya m'dera lino imakumana liti, ndipo ndani amaiyang'anira kuti isasanduke gulu lomenya anthu ndi kutolera ndalama mokakamiza? Kodi magetsi a pamsika ndi pa siteji adzayaka liti? Zinthu zazing'onozi n'zimene zimasankha ngati mayi wogulitsa nsomba afike kunyumba ndi ndalama zake.

Lachisanu ndi chimodzi, kwa onse: nanga za minda ndi ntchito mukuti chiyani? Anyamata amene adzaza m'makwalala a Limbe ndi Lilongwe adachokera kumidzi kumene munda wa banja udagawidwa mpaka kutha, ndi kunyanja kumene chambo chidachepa. Umphawi sulungamitsa kuba kapena kupha, ndipo osauka ambiri sadabepo kanthu chibadwire. Komabe wa ndale kapena mkulu wa achifwamba akafuna manja ogwira chikwanje, amakawapeza pakati pa anyamata opanda chochita.

Mbali yathu

Pali mbali imene palibe boma lingatichitire. Wakuba njinga yamoto amakaigulitsa kwa munthu, ndipo wogulayo amakhala pakati pathu. Amene amasunga katundu wakuba, amene amabisa mwana wake podziwa kuti manja ake ali ndi magazi, ndi amene amakana kukachitira umboni poopa kudana ndi anansi, onsewa akudyetsa chilombo chimene mawa adzachiitanire asilikali. Chimodzimodzinso amene amatola mwala pakamveka mfuu yakuti wakuba. Munthu wowotchedwa pamsika sadaweruzidwe ndi aliyense, ndipo kangapo konse zadziwika pambuyo pake kuti adali wosalakwa. Atsogoleri a mizikiti, mafumu ndi makomiti a m'magombe ali ndi mawu amene anthu amawamvera kuposa a wapolisi wachilendo. Awagwiritse ntchito polimbikitsa mboni kuti ziyankhule, ndi poperekeza woganiziridwa kupolisi ali wamoyo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu a ku Thyolo adalandira apolisi ochokera kunja mu 1953, adaona PMF ikubadwa chifukwa cha iwo mu 1954, ndipo zidzukulu zawo zikadakanganirabe nthaka yomwe ija. Pa tsiku la chisankho, musadachonge pa pepala, kumbukirani amene adayankha mafunso anu ndi amene adangokulonjezani malole a asilikali. Woyambayo mudzatha kumufunsanso chaka chamawa kuti doketi ya m'bale wanu ili pati.